Wogwira Wotchi pa Chitakale

Ine ndi amene ndimagwira wotchi.
Mazana asanu, maminitsi khumi ndi asanu,
ikakwana uchoke pa benchi
ngakhale nkhondo ili pakati.
Kachipinda kathu kali kuseri kwa ometa tsitsi;
chiperoni chikatsika m'phiri chimalowera pansi pa chitseko
ngati kasitomala wopanda ndalama.

Fanuwelo akuti gemu yatsopanoyi ndi yabodza.
"Munthu ndamuthira zipolopolo zinayi pachifuwa,
iye n'kubisala kuseri kwa galimoto yopsa,
kupuma kawiri, basi wachira!
Kuchipatala pa boma mzere umayamba kusanache,
uyu akuchira ndi mpweya?"
Akudandaula choncho, koma ndalama ya sopo
wandipatsa kachitatu lero.

Ziliro salowerera.
Iye ndi wa mfuti yoonera patali,
amagona padenga ngati gulo pamwala
mpaka mutu wa mnzake utulukire pazenera.
Amamunena kuti ndi wamantha.
"Wamantha ndi amene amakumba manda a olimba mtima,"
amayankha diso lili pa sikirini,
chala pa batani lija tinamata ndi guluu.

Edina amabwera Loweruka akatsiriza nanazi wake pamsewu.
Akachoka, kontirola imanata mpaka Lolemba.
Anyamata onse anawagwetsapo ndi mpeni wokha
ndipo nkhani imeneyo muno sitiikamba.
Chake n'chimodzi: "Chipululu, chipululu,
mizinda yogumuka ya anthu osawadziwa.
Akanaikamo minda ya tiyi mukanandiona,
ndikanakwawa m'mizere osagwedeza tsamba."
Kenako anakhala chete, msilikali wake ataima poyera.
"Ayi. Asaiike.
Mayi anga amakhala m'mizeremo ndi dengu kumsana."
Ziliro anamuwombera pomwepo.

Magetsi akathima onse amagwirizana kamodzi:
mdani weniweni sali m'gemumo.

Lachinayi lija kunabwera a Likisoni Namakhwa
kudzatchaja foni, monga amachitira.
Anapitako ku Kongo ndi yunifolomu,
anabwerako ndi khutu limodzi losamva
ndipo pano amaweta nkhumba ku Nkhonya.
Fanuwelo, mlomo wake wosadziwa msinkhu:
"Akulu, tatiuzani, zimakhaladi chonchi?"

Anatenga kontirola ngati akulandira mwana wa eni.
Sanawombere.
Anamuyendetsa msilikali uja pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma,
n'kumuyang'anitsa kumwamba,
n'kumuyang'anitsa pansi, pa nsapato.

"Phokoso analipeza," anatero. "Phokoso ndi lomweli.
Koma masokosi ake ndi ouma uyu.
Ndipo kudikira kuli kuti?
Milungu itatu kumvera mvula pa tenti,
kuwerenga mabisiketi,
kukangana za mpira ndi munthu
amene mawa lake mukunyamula chikwama chake."

Wina wa pa intaneti, mwina wa kutsidya la nyanja,
anawaombera kumsana.
Sikirini inafiira, n'kuyamba kuwerenga:
zisanu, zinayi, zitatu,
ndipo msilikali anadzuka kwina, mfuti yodzaza.
A Likisoni anaseka, kuseka kwa m'mphuno.
"Batani ili ndi limene sanatipatse."

Maminitsi awo anali atatha kalekale.
Wotchi ndinaiika m'thumba.
Anayendabe m'mbali mwa khoma lija
mpaka foni inadzaza,
anasiya mazana asanu patebulo
n'kutuluka, chiperoni n'kuwameza pa mlatho.

Palibe anayankhula.
Panja minibasi inkaitanira a ku Limbuli.

Kenako Fanuwelo, motsitsa mawu:
"Koma akulu aja kusewera sadziwa."
Edina anamupondetsa chala cha kuphazi.
Ziliro anatenga kontirola, anaipukuta pa malaya,
anakwera padenga lake lija,
ndipo mdani atadutsa pansi pake, poyera,
ndinaona chala chikuchedwa pa batani
kwa kamphindi kamodzi kokha.

Ndinatulutsa wotchi.
Mazana asanu, maminitsi khumi ndi asanu.
Wotsatira.